Kontena ya Kuseri kwa Fakitale

Fakitale ya a Nkole ikayamba kununkha utoto, aliyense ankadziwa kuti kukubwera oyendera a boma. Masiku ena onse khoma linkakhala lakuda ndi zala za anthu, mpopi wosambira m'manja unkadonthera m'chitini, ndipo sopo ankatsekeredwa m'kabati ya bwana ngati shuga. Koma mawu akangomveka kuti alendo ali m'njira, malo onse ankasanduka mkwatibwi. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a Nkole nyimbo ankaidziwa.

Fakitaleyo inali m'dera la mafakitale mu Lusaka, pomwe msewu wafumbi wochokera ku Kanyama umakumana ndi phula lokumbikakumbika. Inkapanga thonje la m'chipatala ndi mabandeji. Kale inali ya boma, ndipo a Nkole anali mmodzi mwa mamanijala ake. Boma litayamba kugulitsa makampani, iwo anagula nyumbayo pamodzi ndi makina ake okalamba, n'kuchotsa anthu ambiri ntchito. Patapita miyezi anayamba kuwaitananso ena, koma tsopano ngati aganyu, olipidwa patsiku, opanda dzina m'buku lililonse.

Apa ndiye panagona vuto. Lamulo linkati aliyense wokhudza thonje lopita pabala la munthu akhale woyezedwa kuchipatala, wokhala ndi pepala lake, wovala zoyera. Koma kuyezetsa anthu kumadya ndalama, komanso munthu wa pepala sachedwa kufunsa za tchuthi. Choncho olembedwa ntchito anali ochepa, oti n'kukwana pa benchi limodzi la m'tchalitchi. Ena onse, amayi a m'makomboni a Kanyama ndi George, pamaso pa boma kunalibe.

Sophia Mussa anali kapitawo wa chipinda cholongedzera. Anabadwira ku Kanyama komweko, ngakhale agogo ake anachokera ku Ntcheu kudzera ku migodi ya ku Kabwe. Mwamuna wake anachotsedwa ntchito ku kampani ya mabasi, ndipo chichokereni kumeneko ankangokhala pakhomo n'kumakonza wailesi yosakonzeka. Pakhomopo chilichonse cholowa m'kamwa chinkachokera m'manja mwa Sophia. Iye ankadziwa bwino kuti oyendera akapeza aganyu, chiphaso cha fakitale chilandidwa, geti litsekedwa, ndipo m'tauni monse munalibe geti lina lotseguka.

Poyamba a Nkole ankauza aganyu kuti tsiku la alendo akhale kunyumba. Koma oyendera sankasunga tsiku. Ankati Lachiwiri n'kubwera Lachinayi, chifukwa galimoto ya ku unduna inkasowa mafuta, ndipo ntchito inkaima pachabe. Ndiye bwanayo anapeza nzeru ina. Aganyu azigwira ntchito mpaka galimoto ioneke. Ikaoneka, mlonda Isaiah azimenya chitsulo chopachikidwa pamtengo, kenaka azichedwa dala kutsegula geti ngati kiyi wamusokonekera. Nthawi imeneyo amayi azithamangira mu kontena yachitsulo yomwe inali kuseri, Sophia n'kutseka ndi loko kunja.

Nzeruyo inkayenda bwino. Oyendera akale anali anthu osavuta. Ankasuzumira pakhomo, kumwa chakumwa chozizira mu ofesi, kusaina, n'kunyamuka ndi katoni m'buti. Amayi ankatuluka akudzikupiza ndi zitenje, akuseka. Kulowa mu kontena ankakutcha kupita ku holide.

Mwezi wa Okutobala umenewo kunatentha moti agalu ankagona m'ngalande zouma. Fakitale inali itapakidwa utoto kwa masiku angapo, ndipo fungo lake linkalowa mpaka m'chakudya. M'mawa wa Lachitatu Sophia anadutsira Maud monga mwa nthawi zonse. Maud anali woyandikana naye nyumba, mnzake wa m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi, wamasiye wa ana atatu. Sophia ndiye anamupezera ganyuyo mwamuna wake atamwalira. Anali ndi mphumu kuyambira ali mwana, ndipo m'mawa umenewo chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka.

"Iwe Maud, lelo nkala chabe panyumba," anatero Sophia. "Chifuba chako nachimvela nikali panja."

"Nikankala, bana bazadya chani?" anayankha Maud akumanga duku. "Ba Nkole bazaika wina pamalo panga. Pa geti bantu ni bambili, mwabaona."

"Nanga bakabwela balendo?"

"Nizapita ku holide na banzanga. Ni kanthawi kang'ono chabe, ba Sophia."

Sophia sanaumirire. Zinali zoona kuti pageti anthu ankachuluka m'mawa uliwonse, ndipo zinali zoonanso kuti kanali kanthawi kochepa. Anayenda limodzi, Maud akuima apa ndi apo ngati akukonza patapata, pamene akufuna mpweya.

Chitsulo chinalira dzuwa litakwera kale. Amayi anasiya thonje pamatebulo n'kuthamangira kuseri, ena akuseka, ena atanyamula nsapato m'manja. Mu kontenamo munalinso zina zobisidwa: mabelo a thonje amene ananyowa ndi madzi osefukira a dzinja lapitalo, akuda m'mbali, ofuka fumbi ukangowakhudza. Amayi anakhala pamabelowo mothithikana. Sophia anayang'ana Maud, Maud anamugwedezera mutu kuti zonse zili bwino.

"Osakamba, osaseka," anatero Sophia. "Nizabwela manje manje."

Anatseka chitseko, nakhoma loko, kiyi n'kumanga pa ngodya ya chitenje chimene anavala mkati mwa khoti loyera. Olembedwa ntchito anali atavala kale zipewa ndi magolovesi atsopano ochokera m'kabati. Sopo anali pampopi. Geti linatseguka.

Mkulu woyendera wa masiku onse anatsika m'galimoto akupukuta thukuta, maso ali kale kukhomo la ofesi. Koma kumbuyo kwake kunatsika munthu wachilendo, mayi wachitsikana wa nsapato zafulati, atanyamula botolo lake la madzi. Anamutchula kuti a Mukuka, ongobwera kumene kuchokera kumaphunziro. A Nkole anawatsogolera ku ofesi komwe zakumwa zinali zitayalidwa. Mayiyo anathokoza mwaulemu, nati ayambe kaye ntchito. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Sophia anakamva kalumoko pakhosi pake nthawi yomweyo.

A Mukuka sankathamanga. Anatsegula mpopi n'kudikira kuona ngati madzi apitirire kutuluka. Anauza aliyense avule magolovesi kuti aone zikhadabo. Anagwada n'kusuzumira pansi pa matebulo. Anatola paketi ya bandeji, kuiunika pawindo, kuitembenuza, kufunsa tsiku limene inapangidwa ndi amene anaimata. Sophia ankayankha zonse bwinobwino, chifukwa ntchito yake ankaidziwa, koma khutu lake limodzi linali kuseri.

"Mipando ni yambili, bantu bang'ono," anatero a Mukuka. "Benangu bali kuti?"

"Ni ya kudala iyo, mayo," anayankha a Nkole akumwetulira. "Ya nthawi ya boma. Manje tilibe mphamvu yolemba bantu bambili."

Mayiyo analemba kanthu n'kupitirira. Atafika pa makina ophera tizilombo, chimphika chachitsulo chimene chimaphika mabandeji ndi nthunzi, anati akufuna kuona chikugwira ntchito kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mkulu wa masiku onse anayesa kunena kuti iye anachiona kale chaka chatha. A Mukuka anati chaka chatha ndi chaka chatha. Makinawo anali okalamba, ankachedwa kutentha ngati nkhuni zaziwisi. Mayiyo anakoka mpando n'kukhala patsogolo pa geji yoonetsa kutentha, botolo lake pamiyendo.

Sophia anaima pambali pake thukuta likutsika m'msana. Mumtima ankamuda mayiyo, chidani chenicheni. Koma ankadziwanso kuti mwana wake atavulala, angakonde bandeji yoyenderedwa ndi munthu wotere, ndipo zimenezi zinkamuwawa koposa. Malata a denga ankathetheka ndi dzuwa. Ngati muno muli chonchi, mazenera ali otsegula, nanga m'chitsulo muja? Anadzitonthoza yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukanakhala vuto akanagogoda, ndipo akangogogoda iye atsegula, zivute zitani. Anadzilonjeza zimenezo kangapo konse.

Geji ikukwera pang'onopang'ono, Sophia anapempha kuti apite kuchimbudzi. A Nkole anamuyang'ana ndi diso lofiira, koma pamaso pa alendo sakanamuletsa. Anatulukira khomo lakumbuyo n'kuyenda mofulumira. Pabwalo panalibe mthunzi ngakhale wa nkhuku. Anafika pa kontena, nayandikitsa khutu pachitseko osachikhudza. Munali zii. Palibe wotsokomola, palibe wolira. Mtima wake unatsika pang'ono. Dzanja linali litapita kale pa ngodya ya chitenje, akuganiza zotsegula kamphindi kuti mulowe mphepo.

"Muli chani umu?"

Anali a Mukuka. Anali atasiya mkulu uja pa geji kuti iwo aone kotayira zinyalala, ndipo a Nkole ankabwera kumbuyo kwawo akupuma mwabefu. Sophia anachotsa dzanja pachitenje. Anaona nkhope ya bwana, anaona geti lotsekedwa ndi unyolo, anaona ana ake atabwezedwa kusukulu, ndi amayi onse a mkatimo akumuloza chala m'misewu ya Kanyama kuti ndi uyu anatithetsera ntchito. Zonsezi anaziona m'kanthawi kopuma kamodzi. Mkatimo munali chete, ndipo chete ameneyo anamuthandiza kusankha.

"Ni vinsimbi, vitsulo vakudala chabe," anatero mokweza. "Makiyi yanasoba kudala."

A Mukuka anaika chikhatho pakhoma la kontena n'kuchichotsa msanga, akuchikupiza. Anati chinthu chotere chimasunga makoswe, chichotsedwe asanabwerenso, ndipo analemba. Kenaka anapempha Sophia awaperekeze kotayira zinyalala, achoke uko awasonyeze mosungira katundu womalizidwa, achoke uko abwerere ku makina.

Makina atamaliza panatsala mapepala. Mu ofesi a Mukuka anafuna kuona pepala la kuchipatala la wantchito aliyense, n'kumaitana mwini wake kuti amuone nkhope. Sophia ndiye ankawaitana. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa khoma unayamba kukwawa pabwalo, koma kontena inali isanafikiridwe. Pomaliza mayiyo anatseka faelo yake. Anati pali zofunika kukonza, mpopi, windo losweka, ndi kontena ija, koma chiphaso sachigwira. Potsanzikana anagwira Sophia dzanja.

"Chipinda chanu chili bwino maningi, mayo," anatero. "Mupitilize so."

Galimoto itatuluka, Sophia anayamba kuthamanga, koma a Nkole anamugwira mkono. Anati adikire ikhote pakona, chifukwa anthu otere amabwerera kuti aiwala cholembera. Anaima choncho mpaka Isaiah anakweza dzanja pageti.

Loko anamuotcha zala. Chitseko chitatseguka munatuluka mpweya wotentha, wonunkha thukuta, nkhungu ndi mkodzo. Palibe anaseka. Amayi anatuluka akukwawa, ena akugwira khoma, n'kukagwa pamthunzi pakamwa pali yasa. Mmodzi anasanza. Mkati munatsala awiri. Betty, mayi wa ku George wamtali, anali atakhala pabelo, mutu wa Maud uli pamiyendo pake. Milomo ya Maud inali yotuwa, maso otseguka pang'ono, ndipo timaulusi ta thonje tinali titamatirira pankhope yake yonyowa.

"Maud! Iwe Maud!" Sophia anamugwedeza. Mutu unangogwera kumbali.

"Anayamba kukosomola kudala," anatero Betty ndi mawu ouma. "Tinamupatsa chitenge aike pakamwa. Eve mwine anachigwila, sitinamukakamize. Pamene anankala zii, tinaganiza ati apumula."

"Nanga kugogoda? Simunagogode chifukwa chani? Sembe ninasegula!"

Betty anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsidwa chinthu chodziwika ndi mwana yemwe.

"Tenze tifuna kugogoda," anatero. "Nenze nanyamuka kudala. Manje tinamvela mau yanu panja, muuza mulendo ati makiyi yanasoba. Tigogode bwanji apo, ba Sophia? Tikupangeni ba boza pamenso pa balendo? Ndimwe munatipezela nchito."

Sophia akanakonda Betty amutukwane, amumenye mbama, amulavulire. Koma mayiyo ankalankhula mwaulemu, ndipo ulemu umenewo sunkapiririka.

A Nkole anafika n'kuima patali, manja ali m'chiuno. Anayang'ana kamodzi, nkhope inagwa, koma mutu wawo sunasiye kugwira ntchito. Anati galimoto ya kampani ili ndi dzina pachitseko, singanyamule munthu wotere. Anati amutulutsire ku geti laling'ono lakumbuyo, apeze takisi pamsewu, iwo alipira. Anati kuchipatala akanene kuti wagwa panjira pochokera kumsika. Kenaka anatembenukira amayi amene anali pamthunzi n'kuwakumbutsa mofatsa kuti nkhaniyi ikamveka, fakitale itsekedwa mawa lomwe, ndipo njala siidzasankha nyumba. Ena anagwedeza mitu kuvomera.

Maud anamunyamula pa wilibala ya Isaiah, miyendo ikulendewera, Sophia atagwirizira mutu. Mu takisi Sophia ankamuitana dzina njira yonse, akumukupiza ndi chipewa choyera chimene anaiwala kusiya. Ku kiliniki namwino anagwira pakhosi, anaunika m'maso, n'kukoka chitenje cha Maud mpaka kumphumi. Anafunsa kuti wagwera kuti.

"Pamseu," anatero Sophia. Betty, amene anabwera nawo, anayang'ana pansi.

Maliro anachitikira kwa amayi ake a Maud, ku Kanyama. Mipando anaitulutsa panja, amuna anakhala m'mbali mwa mpanda, amayi a chigwirizano anadzaza m'nyumba ndi nyimbo. Anthu ankati ndi mphumu ija, ena ankanong'onezana za matenda amene anatenga mwamuna wake, monga ankachitira pa maliro aliwonse zaka zimenezo. A Nkole anatumiza thumba la ufa ndi kabichi, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi bwana wa mtima wabwino, wokumbukira ngakhale waganyu. Aganyu anzake anabwera onse. Analira kwambiri kuposa abale, koma palibe ananena kanthu. Sophia anaphika, anatunga madzi, anatsuka mbale, chilichonse chomulepheretsa kukhala pansi pafupi ndi ana atatu aja.

Atabwerako kumanda, tsiku lotsatira m'mawa, amayi ake a Maud anamuitanitsa. Anali mayi wokalamba wa maso ofooka, wolankhulabe Chichewa cha kwawo ngakhale anakhala mu Lusaka moyo wake wonse wa pabanja. Sophia analowa n'kukhala pamphasa. Mayiyo anatsika pa matiresi pomwe anakhala masiku onse a maliro, nagwada movutikira patsogolo pake.

"Amayi, musatero," anatero Sophia. "Chonde khalani."

"Ndisiye ndigwade, mwanawe. Anthu andiuza zonse. Akuti mwana wanga atagwa pamsewu, ndiwe unamutola. Unamugwira mutu mpaka kuchipatala. Ena akanangodutsa. Unamupezera ntchito ali wamasiye, ndipo unamuperekeza mpaka tsiku lomaliza. Ine ndilibe chokupatsa. Mulungu yekha ndiye akubwezere monga mwa ntchito zako."

Sophia anamva mawu omalizawo ngati chiweruzo. Akanatha kunena pomwepo, mawu ake anali ochepa, koma kuseri kwa mawuwo kunali geti, ndi Betty, ndi amayi ena onse amene anakhala chete mu kontena ndi pamaliro pomwe. Anangogwetsa misozi, ndipo mayi wokalambayo anamupukuta ndi chikhatho, akumuuza kuti asalire, anachita mbali yake.

"Tsono pali kanthu kena," anapitiriza mayiyo atabwerera pa matiresi. "Ndikuchita manyazi kunena maliro asanazizire, koma ana awa adya chiyani? Thandi, bwera kuno."

Kuchipinda kunatuluka mtsikana woonda, mng'ono wake wa Maud, amene anasiya sukulu chaka chatha. Anagwada pafupi ndi chitseko, maso pansi. Anali ndi mphumi ya mkulu wake.

"Malo a Maud asapite kwa mlendo," anatero mayiyo. "Ukalankhule ndi abwana. Ndi mwana womvera uyu. Ukamuuza chinthu amachita, sayankha, sadandaula. Ndikumupereka m'manja mwako."

Sophia anayang'ana mtsikanayo. Panja wina ankakolopa, ndipo mwana wamng'ono wa Maud ankalirira tiyi. Sophia anafuna kukana, koma kukana kunkafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sakanachitchula m'nyumba imeneyo.

"Thandi," anatero pomaliza. "Chifuba chako chili bwanji?"

"Chili chabe bwino, ba Sophia."

"Sukosomola?"

"Awe."

"Lolemba m'mawa ndidzamudutsira," Sophia anauza mayi wokalambayo, ndipo mayiyo anaomba m'manja mothokoza.